ZA UMOYO M'BANJA: Khomo la Chiberekero Likafooka

Mwezi uno tiyankha funso limene labwera m'makalata angapo. Amayi ena ali ndi pakati poyamba, ndipo akudabwa ndi zachilendo zimene akuona m'thupi mwawo. Ena anapita padera kawiri kapena katatu, kotero kuti pakati pamene ali napo tsopano pawasowetsa tulo. Onsewa akufuna kudziwa ngati khomo la chiberekero chawo lidzapirira kufikira tsiku lochira.

Khomo la chiberekero ndilo mbali ya kumunsi ya chiberekero, imene imalumikizana ndi njira yoberekera. Kutalika kwake ndi masentimita 3 kapena 4. Ntchito yake ndiyo kukhala lotseka miyezi yonse ya pakati, ndi kutseguka pokhapokha matenda akayamba. Mayi akangoima, khomoli limafewa, magazi amachuluka m'mitsempha yake, ndipo chikazi chokhuthala chimatseka pakamwa pake monga chitsekerero cha botolo, kuti tizirombo tisafike kwa mwana. Chifukwa chake chikazi choyera, chosanunkha ndi chosayabwa sichiyenera kukuopsani. Nthawi zina timadontho ta magazi timaoneka mayi akakhala malo amodzi ndi bambo. Kawirikawiri si choopsa, komabe magazi alionse pa nthawi ya pakati muziwauza anamwino. Musamadzipime nokha ndi zala kapena kuikako mankhwala azitsamba, pakuti mungalowetse matenda.

Tidziwenso kuti kupita padera m'miyezi itatu yoyamba sikuchokera ku khomo lofooka. Nthawi zambiri kumachitika chifukwa mwanayo sanapangike bwino kuyambira pachiyambi. Si khasu kapena mtsuko wa madzi umene unalakwa, ndipo mayi asadziimbe mlandu.

Khomo lofooka limadziwika pambuyo pake, makamaka pakati pa sabata 14 ndi sabata 24, pamene mwana wayamba kulemera. Limafupika ndi kutseguka pang'onopang'ono popanda ululu wa matenda. Nsupa imatsikira m'njira, imasweka, ndipo mwana amabadwa asanakhwime. Ichi ndicho chizindikiro chake chachikulu: pakati kuchoka m'mwezi wachinayi, wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, mwamsanga ndi mosapweteka kwenikweni, ndipo kawirikawiri zimabwerezanso pa pakati potsatira. Amayi ena amayamba amva kulemera m'chinena, kuphwanya kwa msana, kapena aona chikazi chitasanduka chamadzimadzi kapena chofiirira. Mukaona zotere pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Chimafooketsa khomo nchiyani? Mwa ena linang'ambika pa uchembere wapitawo. Mwa ena linatsegulidwa mokakamiza potsuka m'chiberekero atapita padera, kapena pochotsa pakati. Ena anadulidwa kachidutswa ka khomolo pochiza zilonda zimene zikadasanduka khansa. Enanso anangobadwa nalo lotero. Koma mawu awa asaopse munthu kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Kuyezako sikufooketsa khomo ayi, ndipo amayi ambiri amene analandira chithandizo amabereka bwino lomwe.

Chithandizo chilipo, ndipo si chatsopano. M'chaka cha 1955 dokotala wa ku India, V. N. Shirodkar, anafalitsa njira yosoka khomo la chiberekero, ndipo mu 1957 Ian McDonald wa ku Melbourne, m'dziko la Australia, anaonetsa njira ina yosavuta. Dokotala amazunguliza ulusi wolimba pakhomopo ndi kuumanga, monga timangira pakamwa pa thumba la chimanga. Mayi amapatsidwa mankhwala oletsa ululu, ndipo ntchitoyo sitenga nthawi yaitali. Kwa mayi amene mbiri yake ikuonetsa kufooka, ulusiwo umaikidwa pa masabata 12 mpaka 14, ndi kuchotsedwa pa masabata 36 kapena 37. Matenda akayamba ulusi usanachotsedwe, kapena madzi akatuluka, athamangire kuchipatala, chifukwa ulusiwo ungang'ambe khomo. Si mayi aliyense afunika kusokedwa. Ena dokotala amawayeza ndi makina ounikira m'mimba, ndipo akapeza kuti khomo lafupika kufika mamilimita 25 kapena kucheperapo sabata 24 isanakwane, angawapatse mankhwala otchedwa progesterone kapena kuwasoka. Kugona pamphasa miyezi yonse sikunaoneke kuti kumathandiza.

Tsono taonani pamene pagona nkhani. Ambiri a ife tinakula ndi mwambo wakuti pakati sanena kufikira pataonekera, ndipo mayi amene anataya ana kale ndiye amabisa koposa, poopa maso a anthu. Amayamba sikelo m'mwezi wachisanu, pamene nthawi yabwino yosokera inapita kale. Mu 2016 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mayi ayambe sikelo m'masabata 12 oyamba, aonedwe kasanu ndi katatu, ndiponso aunikidwe ndi makina kamodzi sabata 24 isanakwane. Kwa mayi wa khomo lofooka, kuchedwa kwa mwezi umodzi kungakhale kutaya mwana wina. Anansi mungawabisire, koma anamwino musawabisire. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo fotokozani zonse: pakati panachoka kangati, pa mwezi wanji, ululu unalipo kapena ayi, madzi anayamba kutuluka liti. Mbiri imeneyi ndiyo imathandiza anamwino kukutumizani msanga ku chipatala chachikulu kumene kuli dokotala wodziwa kusoka.

Mawu otsiriza apite kwa inu abambo ndi apongozi. Mayi akapita padera kawirikawiri, m'mudzi mumamveka za tsempho ndi za ufiti, ndipo mabanja ena atha chifukwa cha zonenazo. Khomo lofooka ndi chilema cha m'thupi, monga chophukacho kapena diso losaona bwino, ndipo palibe amene anachimwa kuti lifooke. Abambo, perekezani akazi anu kusikelo mwezi woyamba umene aphonya kusamba, sungani ndalama ya ulendo, ndipo alandireni katundu wolemera. Inunso amayi a Chigwirizano, mukamva kuti mnzanu wataya pakati kachiwiri, pomupepesa mumuuzenso kuti chithandizo chilipo, ndi kuti ulendo wina ayambe sikelo msanga.