Mwana Akadwala pa Nyengo Yopalira

M'miyezi ya Disembala ndi Januwale munthu wa kumudzi sakhala pansi. Chimanga chifuna kupalira, udzu ukukula usana ndi usiku, m'nkhokwe mwayamba kupepuka, ndipo ambiri amagaŵa tsiku paŵiri: m'maŵa ku munda kwawo, masana ku ganyu kuti apeze ufa wa madzulo. Tsono nyengo yomweyi ndiyonso ya udzudzu ndi ntchentche, pamene mvula imakokolola zonyansa za kutchire ndi kuzithira m'zitsime zosatetezedwa. N'chifukwa chake malungo ndi kutsegula m'mimba zimagwira ana pa nthaŵi imene makolo alibiretu mpata.

Zimene zimachitika m'mabanja ambiri n'zodziŵika. Mwana wachezera kutsegula m'mimba usiku wonse. Kutacha, mayi afuna kupita naye ku chipatala, koma bambo ayang'ana mitambo nanena kuti, "Amake mwana, timalize kaye ndime ija, mupita naye maŵa." Bamboyu si wouma mtima ayi. Akudziŵa kuti chimanga chikagonja ku udzu, banja lonse lidzagona ndi njala. Komabe walakwitsa pa kuŵerengera kwake. Munda ungathe kudikira tsiku limodzi kapena aŵiri osawonongeka, pamene khanda limene likutaya madzi m'thupi lingathe kumwalira ndime ija isanathe.

Ngakhale pa nkhani ya ntchito yomweyo, kuchedwa sikupindulitsa. Mwana amene wafika msanga ku chipatala kaŵirikaŵiri amalandira mankhwala ndi kubwerera tsiku lomwelo. Koma wofika atalefuka amagonekedwa, mayi nakhala naye kumeneko masiku angapo, bambo n'kumapalasa njinga kukapereka chakudya. Banja limene linakana kutaya m'maŵa umodzi limataya sabata yathunthu, makasu ali gone pakhonde.

Makolo ayenera kudziŵa zizindikiro zosonyeza kuti madzi akutha m'thupi mwa mwana: maso oloŵa m'kati, ludzu lalikulu, kukodza pang'ono, ndi khungu la pamimba limene likatsinidwa limachedwa kubwerera. Pa makanda liwombo limaloŵa. Anthu ambiri amayesa kuti liwombo ndi nthenda payokha, namataya tsiku lonse kufunafuna mankhwala omata pamutu. Liwombo laloŵa chifukwa thupi lauma, ndipo chimene lifuna ndi madzi oloŵera pakamwa.

Thandizo loyamba lili m'nyumba momwemo. Paketi imodzi ya Thanzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi oŵiritsa ndi ozizira. Ngati palibe, m'madzi a muyeso womwewo athiremo masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, osasefukira. Mwana amwetsedwe pang'onopang'ono nthaŵi iliyonse akachita chimbudzi. Akasanza, adikire mphindi 10 ndi kuyambanso. Madzi otsala atayidwe pakapita maola 24. Kuyamwitsa kusalekeke, phala lisamanidwe. Ku chipatala amaperekanso mapiritsi a zinc, amene mwana ayenera kumaliza ngakhale aoneke kuti wachira. Koma mwana amene akulephera kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka, kapena chimbudzi chake chili ndi magazi, ndi wa ku chipatala nthaŵi yomweyo, kaya ndi usiku. Wotentha thupi akapimidwe malungo tsiku lisanathe.

Funso ndi lakuti, kodi ntchito yomwetsa mwana ndi ya yani? Pano mpamene abambo ambiri amathaŵira ku munda. Mayi mmodzi yemweyo atunge madzi, atole nkhuni, aphike, ayang'anire ana ena, abereke wodwala mtunda wautali, kenaka afunsidwenso chifukwa chake ndime yake yatsalira. Mutu umodzi susenza denga. Dzanja limene limadziŵa kuyeza feteleza ndi kachikho silingalephere kuyeza shuga ndi mchere, ndipo palibe mwamuna amene anachepa chifukwa chonyamula mwana wake pa njinga.

Mabanja amene amapyola bwino m'mavuto adzidzidzi otereŵa ndi amene anakambirana mvula isanagwe. Amasunga mapaketi aŵiri kapena atatu a Thanzi pamalo ouma. Amapatula kandalama ka kabaza pa nthaŵi yogulitsa mbewu, osakakhudza ngakhale pa Khirisimasi. Ena amadalira thumba la ngozi la ku banki m'khonde. Amadziŵiratu amene adzatsala ndi ana, kaya ndi agogo kaya mnansi, poti kusiyira khanda lodwala mwana wa zaka 8 ndiye kuliika pangozi. Amadziŵanso masiku amene mlangizi wa zaumoyo amapezeka. Kuyambira mu 1998 mpaka lero zinthu zambiri zasintha m'midzi, koma chachikulu pa nkhaniyi chinadza mu 2008, pamene alangiziŵa anayamba kuthandiza ana osafika zaka 5 pa malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba m'midzi yotalikira ndi chipatala.

Wogwira ntchito ya pa esiteti kapena ya ganyu atumize mawu kwa kapitawo m'maŵa momwemo, m'malo mongosoŵa, ndipo pobwerera aonetse buku la ku chipatala. Olemba anzawo ntchito nawonso amvetse, pakuti munthu amene mtima wake uli pa mwana wodwala amadula chimanga pamodzi ndi udzu.

Za munda wotsalira, makolo akale anali nayo kale njira. Ankaitana dima: anansi ankabwera ndi makasu awo, mwini munda naphika thobwa, ndime ya masiku anayi n'kutha dzuŵa lisanafike pamutu. Mipingo ndi magulu a amayi angathe kuchita chimodzimodzi kwa banja limene lili ku chipatala, ndipo nyakwaŵa atalengeza madzulo, makasu khumi sangasoŵe m'maŵa mwake.