Buku la Nkhongole Kapena Foni: Chipangali Isunge Kuti Zolemba Zake?

Mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala, makantemba ndi magolosale a m'mbali mwa msewu wa Chipata kupita ku Lundazi amayamba kugulitsa kwambiri pa nkhongole. Mlimi wathera ndalama zake ku mbewu ndi feteleza, ndiye sopo, mchere, saladi ndi shuga amatenga polonjeza kuti adzabweza akagulitsa soya, nshawa kapena thonje. Kwa theka la chaka, gawo lalikulu la mpamba wa mwini sitolo silikhala pa shelefu kapena ku banki. Limakhala m'buku la chikuto cholimba lomangidwa ndi mphira, losungidwa pansi pa kauntala. Bukulo likasowa ndiye kuti ndalama zapita, chifukwa ndi anthu owerengeka amene amabwera okha kudzakumbutsa kuti ali ndi nkhongole.

Zolemba zoyenera kusamala zachuluka masiku ano. Chipangali inakhala boma palokha mu 2018, itachotsedwa ku Chipata, ndipo mu 2022 ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsityuwensi iliyonse. Gulu lofuna thandizo la ndalamazo liyenera kuonetsa setifiketi yolembetsera, maminitsi a misonkhano ndi mndandanda wa mamembala. Mlembi wa kopaletivu amasunga maina ndi manambala a NRC a alimi olandira feteleza wa FISP. Mlimi ali ndi malisiti a chimanga chimene anapereka ku FRA, ndipo ndalama zake zikachedwa, kapepalako ndiko umboni wake. Pamenepa ndi pomwe pali mkangano. Achinyamata akuti zonsezi zilowe m'foni, zikwere pa intaneti. Akuluakulu akuti buku silinawakhumudwitsepo.

Akuluakuluwo sakulankhula zaumbuli. Buku silifuna chaji. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, madera ambiri a Zambia ankakhala mpaka maola 21 pa tsiku opanda magetsi, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali chotero, nsanja za netiweki nazonso zimafooka. M'midzi yambiri ya kwa Chinunda ndi kwa Chanje foni imadalira kasola, ndipo mitambo ikakuta masiku angapo, mwini foni amayamba kusankha woimbira. Buku silifunanso bandulo. Koma mphamvu yake yeniyeni ili pena: wokongola amaona ndi maso ake dzina lake likulembedwa, amasaina kapena kudinda chala. Nkhani ikafika kwa anyakwawa kapena ku khoti laling'ono, tsambalo limalankhula lokha. Nambala imene munthu watayipa yekha m'foni mwake, mnzake angathe kuikana kuti, "Munaisintha inuyo usiku."

Vuto la buku ndi loti ndi limodzi. Chiswe, makoswe, denga lodontha mu Febuluwale, mwana wong'amba tsamba kuti akulungire vitumbuwa, zonsezi zimachitika. Moto umene unatentha City Market ku Lusaka mu Julayi 2017 sunasankhe kuti ichi ndi chitenje, ili ndi buku la maakaunti. Katundu munthu amakaodanso akapeza poyambira. Maina a amene anamukongola sangakaode kulikonse.

Apa achinyamata amawomba m'manja, koma asafulumire. Ambiri amene amati zinthu zawo "zili m'foni" alinso ndi kope limodzi lokha, longosintha maonekedwe. Foni imabedwa, imagwera m'chitsime, imafa sikirini. Ikayamba kuvuta, okonza mafoni ku Kapata, ku Chipata, amati iyenera kuflashidwa, ndipo ikaflashidwa imabwera yoyera ngati yatsopano. Memori khadi nayonso si yodalirika monga momwe anthu amaganizira. Pamsika pali makhadi achinyengo olembedwa 64 GB pomwe mkati mwake ndi mochepa kwambiri. Khadi lotero limaoneka ngati likulandira zonse, koma malo enieni akadzaza limayamba kuononga mafayilo mwakachetechete, ndipo mwini wake amadzazindikira tsiku limene akufuna chithunzi cha lisiti.

Palinso chikhulupiriro choti chilichonse chotumizidwa pa WhatsApp chimasungidwa ndi kampaniyo. Si choncho. Uthenga ukangofika kwa woulandira, umakhala m'mafoni mwa anthu awiriwo basi. Kuti upulumuke foni ikafa, mwini wake ayenera kuyatsa yekha zosungira ku Google Drive, kapena ku iCloud ngati ali ndi iPhone. Google imapatsa munthu 15 GB yaulere, yogawana pakati pa Gmail, Drive ndi zithunzi, pomwe iCloud imapereka 5 GB. Kuyambira chakumayambiriro kwa 2024, zosungidwa za WhatsApp pa mafoni a Android zimadya nawo malo omwewo. Mavidiyo a maukwati, maulaliki ndi nthabwala za m'magulu akadzaza 15 GB ija, kusunga kumaima, ndipo chenjezo lake limabwera m'Chingerezi chimene ambiri amangochikankhira pambali ndi chala. Komabe tinene zoona: wa bizinesi amene wathimitsa mavidiyo sangaidzaze msanga 15 GB, pakuti chithunzi cha tsamba la buku chotumizidwa pa WhatsApp sichifika ngakhale 1 MB. Bandulo ya tsiku limodzi imakwana kutumiza masamba a mwezi wathunthu. Amene amati kusunga pa intaneti ndi kwa anthu olemera akuwerengera mtengo wa mavidiyo, osati wa zolemba.

Ine ndikuona kuti chimene chimagwetsa anthu ambiri kuno si magetsi, si bandulo, si chiswe. Ndi kiyi. Munthu akagula foni ku Chipata, kawirikawiri wogulitsa kapena mwana wa mlongo wake ndi amene amamutsegulira akaunti ya Gmail pomwepo, mothamanga, kuti WhatsApp ilowe. Dzina la akauntiyo mwini foni salidziwa, pasiwedi sanaimvepo. Zithunzi zake zingathe kumakwera bwinobwino ku Google kwa zaka zitatu, koma tsiku limene foni yabedwa, amagula ina, wina amamutseguliranso akaunti yatsopano, ndipo zakale zija zimatsala m'nyumba yokiyidwa imene sadzalowamonso. Kuyambira mu Disembala 2023, Google ili ndi lamulo loti akaunti imene yakhala zaka 2 osatsegulidwa ingathe kufufutidwa pamodzi ndi zonse zili m'menemo.

Simu khadi ndi kiyi wachiwiri. Nambala yotsimikizira polowa m'akaunti imabwera pa simu. Ngati simuyo inalembetsedwa pa NRC ya amuna anu, ya achimwene kapena ya mnzanu amene anasamukira ku Petauke, kukaitenganso ikatayika kumafuna mwini NRC uja. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaipereka kwa munthu wina. WhatsApp inabweretsanso mu 2021 njira yokiya zosungidwa ndi pasiwedi kapena ndi manambala 64. Ndi chitetezo chabwino, koma mukaiwala pasiwediyo, ngakhale eni WhatsApp sangakutsegulireni.

Mabungwe aakulu nawonso amayesedwa pomwepa. Mu Meyi 2022, gulu la mbava za pa intaneti lotchedwa Hive linalowa m'makompyuta ena a Bank of Zambia n'kufuna dipo. Bankiyo inakana kulipira ndipo ntchito zake zinabwerera mwakale posakhalitsa, chifukwa makina ake ofunika kwambiri anali otetezeka. Kutsidya kwa malire a Mwami, ku Malawi, zinthu zinavuta. Kumayambiriro kwa 2024 Malawi inasiya kusindikiza mapasipoti kwa milungu ingapo, ndipo mu Febuluwale Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena alanda makina a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko n'kumafuna ndalama. Zolemba zinalipo, koma boma silinkatha kuzifikira. Ngati dziko lingatsekeredwe kunja kwa nyumba yake chotero, nanga mayi wogulitsa kapenta amene pasiwedi yake ili m'mutu mwa mnyamata wa pamsika?

Pali mfundo ina imene okonda intaneti sakonda kuimva. M'buku la nkhongole muli manyazi a anthu. Muli dzina la mphunzitsi amene watenga ufa mwezi usanathe, muli la mfumu. Kujambula masambawo n'kuwaponya m'gulu la WhatsApp la pabanja kuti "asungike" ndi kuulutsa mavuto a anzathu. Zithunzi za ma NRC n'zoopsa koposa, chifukwa wakuba angathe kuzigwiritsa ntchito ponamizira kuti ndi mwini wake. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limapereka udindo kwa aliyense wosunga mbiri ya anthu ena kuti aiteteze, ndipo limati, kupatula pomwe pali chilolezo, mbiri yotere isungidwe pa makompyuta a m'dziko muno. Makampani aakulu angathe kupita ku Infratel ku Lusaka. Mlembi wa kopaletivu ya kwa Mnukwa alibe njira imeneyo, ndipo Google imasunga zinthu kunja kwa Zambia. Pamenepa lamulo lathamanga kusiya anthu m'mbuyo, koma cholinga chake n'chomveka: NRC ya mnzako si chithunzi choyenda nacho m'foni yopanda loko.

Zina sizifuna n'komwe kudandaula nazo. Ndalama zodutsa pa Airtel Money kapena MTN MoMo kampani imazilemba, ndipo sitetimenti munthu angathe kuipempha. Mabizinesi olembetsa VAT, amene kuyambira mu Julayi 2024 akulamulidwa kugwiritsa ntchito Smart Invoice ya ZRA, mainvoisi awo amafika ku ZRA. Chimene palibe wina akusungirani ndi nkhongole za pakamwa, mapangano a minda, malisiti a pepala ndi zithunzi za banja.

Chodabwitsa n'chakuti njira yabwino ilipo kale m'midzi mwathu. Magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991 ndipo afala mpaka kuno, amasunga bokosi la maloko atatu, kiyi aliyense kwa munthu wake. Membala aliyense ali ndi kabuku kake kodindidwa masheya, ndipo ndalama zimawerengedwa mokweza pamaso pa onse. Cholembedwa chimodzi chikatayika, gulu limatha kubwezeretsa mawerengero kuchokera ku zotsalazo. Akatswiri a makompyuta ali ndi lamulo lofanana nalo, lotchuka ndi wojambula zithunzi Peter Krogh: makope 3, pa zosungira zamitundu 2, kope 1 likhale kutali. Amayi a m'maguluwa akhala akulitsata osalidziwa dzina.

N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi otaya buku, komanso sindikugwirizana ndi okana foni. Buku likhalebe loyamba, chifukwa ndi limene wokongola amasaina. Loweruka madzulo potseka, masamba a mlungu umenewo ajambulidwe. Limenelo ndi kope lachiwiri. Lachitatu likwere ku akaunti imene mwini bizinesi anatsegula yekha, pa simu ya NRC yake, kapena lipite kwa munthu mmodzi wodalirika wokhala mudzi wina. Dzina la akaunti ndi pasiwedi zilembedwe pa pepala, zisungidwe pomwe pamakhala makhadi a sikelo ya ana ndi masetifiketi a sukulu, osati m'chikuto cha foni. Zikuoneka zosekesa kuti pepala ndi limene likusunga kiyi wa intaneti, koma kwa anthu ambiri kuiwala n'koopsa kuposa wakuba.

Kamodzi pa chaka, mwina pambuyo pogulitsa mbewu, mwini bizinesi abwereke foni ya wina, alowe m'akaunti yake, aone ngati masamba a mwezi watha alimodi, kenako atulukemo asanaibweze foniyo. Ambiri adzapeza kuti kusunga kunaima kalekale. Ndipo pabanja pakhale munthu wachiwiri wodziwa pomwe pali pepala lija. Pamaliro ambiri masiku ano, pogawa katundu wa malemu, pa mphasa pamaikidwa foni yokiyidwa ndi chala cha mwini wake, muli maina a onse amene anamukongola, ndipo mayi wamasiye sangathe kuitsegula.