Zilonda za Pakhosi ndi Mwanabere pa Mwana Tisamazipeputse

Nyengo yozizira ikafika, m'midzi ndi m'masukulu mumachuluka ana odandaula kuti pakhosi pakupweteka. Ena amatuluka mwanabere m'khosi, pansi pa chibwano. Makolo ambiri amati ndi chimfine chabe, chitha chokha, ndipo kawirikawiri amanena zoona. Koma ife amene ntchito yathu ndi kuyendera midzi ndi masukulu pa zaukhondo tikudziwa kuti mawu akuti "chitha chokha" awonongetsa mitima ya ana ena. Maganizo anga ndi akuti kholo lililonse lidziwe kusiyanitsa zilonda zoyenera kusamalidwa kunyumba ndi zoyenera kuthamangira nazo kuchipatala.

Mwanabere si nthenda payekha. M'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche muli timibulu timene timasefa tizirombo tolowa m'thupi. Pakhosi pakakhala zilonda, timibulu ta m'khosi timatupa ndi kupweteka chifukwa tikulimbana ndi tiziromboto. Zilonda zikapola, kutupako kumaphwa pang'onopang'ono. Choncho chofunika kuchiza ndi chimene chadzetsa mwanabereyo.

Zilonda zambiri za pakhosi zimabwera ndi mavairasi a chimfine. Mwana amakhosomola, amatuluka mamina ndipo mawu amasasa. Zoterezi zimatha zokha pa mlungu umodzi, ndipo ntchito ya kholo ndi kuchepetsa ululu. Sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, mwana achukuche nawo kukhosi atakweza mutu, kenaka alavule. Izi zichitike kangapo pa tsiku, kwa mwana wamkulu yekha amene sangameze madziwo. Mpatseni zakumwa zofunda zambiri ndi phala lofewa. Uchi umafewetsa pakhosi, koma khanda losakwana chaka chimodzi lisapatsidwe. Thowani mwanabere ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda. Panado amachepetsa ululu ndi kutentha thupi mukatsata mlingo wa msinkhu wa mwanayo; aspirin asaperekedwe kwa ana. Wodwala asakhale m'khitchini mofuka utsi.

Pali zinthu ziwiri zimene tiyenera kuleka. Choyamba ndi kutema mphini pa mwanabere kapena kumufinya. Lumo limangotsegulira tizirombo tina khomo, ndipo likagwiritsidwa ntchito pa anthu angapo lingathe kufalitsa HIV. Chachiwiri ndi kugula makapisozi awiri kapena atatu pa golosale. Mankhwala amenewa sapha mavairasi, ndipo pamene akufunikadi, awiri okha sakwanira.

Tsopano tione zilonda zoopsa. Pali tizirombo tina ta mtundu wa bakiteriya totchedwa streptococcus, timene timakonda kugwira ana a zaka 5 mpaka 15. Nthendayi imayamba mwadzidzidzi. Thupi limatentha, kumeza kumapweteka kwambiri, kummero kumafiira ndipo nthawi zina kumaoneka timadontho toyera ta mafinya. Mwanabere wa kutsogolo kwa khosi amapweteka mukamukhudza. Kawirikawiri mwanayo sakhosomola ndipo satuluka mamina. Ichi ndicho chizindikiro chimene ndikupempha makolo kuti achisunge pamtima: pakhosi popweteka, thupi lotentha ndi mwanabere, koma popanda chifuwa kapena chimfine.

Zilonda zimenezi nazonso zimaoneka ngati zapola pakapita masiku ochepa, ndipo chinyengo chake chili pomwepo. Pakatha milungu iwiri kapena itatu, ana ena amagwidwa ndi nthenda imene achipatala amaitcha rheumatic fever. Thupi, pofuna kupha tizirombo tija, limayamba kudzivulaza lokha. Mfundo za mawondo, akakolo ndi zigongono zimatupa, ululu ukuchoka pa mfundo ina kupita pa ina. Choipitsitsa, nthendayi imawononga zitseko za mtima zimene zimayendetsa magazi mbali imodzi. Ikamabwereza, mnyamata amafika pobanika akangokwera kachitunda, mapazi n'kumatupa. Mtsikana woteroyo akadzatenga pakati, moyo wake umakhala pa chiswe. Pa dziko lonse anthu oposa 300,000 amafa chaka chilichonse ndi matenda a mtima oyamba motere, ndipo m'chaka cha 2018 msonkhano waukulu wa bungwe la World Health Organization unagwirizana kuti mayiko alimbane nawo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kupewa kwake n'kosavuta. Penisilini womwa masiku 10, kapena jekeseni imodzi ya penisilini wokhalitsa m'thupi, amapha tiziromboto mtima usanakhudzidwe. Mwana akayamba kupeza bwino pa tsiku lachitatu, amwebe mankhwalawo mpaka masiku onse atakwana.

Ena adzati chipatala chili kutali, mzere ndi wautali, ndipo kumunda kuli ntchito. Zonsezi n'zoona. Koma yerekezani tsiku limodzi lotayika ndi zimene zimamuchitikira mwana wodwala mtima. Iye amayenera kubayidwa jekeseni mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri, ndipo mtima ukawonongeka kwambiri pamafunika opaleshoni imene mabanja ambiri sangaikwanitse. Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba.

Pali zizindikiro zina zosafuna kudikira kuti kuche: mwana akamavutika kupuma, akamalephera kumeza ngakhale malovu, akamalephera kuyasamula, kapena khosi lonse likatupa. Komanso mwanabere amene wakhala milungu yoposa iwiri osaphwa, amene akukulirakulira, kapena wolimba koma wosapweteka, akapimidwe. Angathe kukhala chizindikiro cha TB, HIV kapena khansa, makamaka ngati munthuyo akuwonda ndi kutuluka thukuta usiku.

Tizirombo ta streptococcus timafalikira ndi timalovu, makamaka pamene anthu apanikizana. Aphunzitsi atsegule mazenera a makalasi ndi a zipinda zogona, ndipo mwana wodandaula pakhosi atatentha thupi amutumize kuchipatala tsiku lomwelo. Kunyumba wodwala akhale ndi kapu yakeyake ndipo onse asambe m'manja ndi sopo. Mafumu ndi alangizi a zaumoyo afalitse uthenga umenewu pa misonkhano ya m'midzi. Makolo anzanga, mwana akanena kuti pakhosi pakupweteka, mugwireni pamphumi, mupapaseni m'khosi, ndipo mvetserani ngati akukhosomola.