Kodi Galimoto ya Parishi Imwe Saladi?

Pa misonkhano ya bungwe la parishi palibe nkhani imene imadya nthawi ngati ya mafuta a galimoto. Abambo ayenera kukapereka Misa ku masenta akutali, odwala ayenera kudzozedwa, maliro nawo sadikira. Koma thumba la mtulo silikula monga ukulira mtengo wa dizilo. Mu Disembala 2021 boma linaleka kuthandizira mtengo wa mafuta, ndipo mu 2022 bungwe la Energy Regulation Board linayamba kuunika mitengo mwezi ndi mwezi. Cicokere apo asungicuma athu sagona tulo. Motero sitidabwa kumva acinyamata, amene amaona zambiri pa lamya zao, akufunsa kuti: bwanji osathira saladi m'thanki monga acitira azungu ena?

Funsoli si lacibwana ai. Pa cionetsero cacikulu ca ku Paris mu 1900, injini ya mtundu umene anatulukira Rudolf Diesel inayendetsedwa ndi mafuta a nshawa, nshawa zomwezi timasinjirira ndiwo, ndipo inayenda. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto monga ya petulo. Imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, kenaka nkuwazamo mafuta, mafutawo nayaka okha. Cifukwa ca ici imatha kumwa mafuta a mitundu yambiri. Koma ya petulo musaiyese nkomwe.

Vuto lili pa kulemera kwa saladi. Akazizira amakhala wolemera kuposa dizilo kakhumi kapena kupitirira, ndipo m'mawa wa mwezi wa Juni amayenda mwaulesi ngati uci. Pampu imavutika kumukankha, ndipo tibowo towazira mafuta, mmalo motulutsa nkhungu yosalala, timangodontheza. Mafuta osapsa bwinowo amasiya mwaye wolimba m'kati, ena natsikira pansi kukasakanizika ndi oilo wa injini, oiloyo nasanduka ngati phala. Zimenezi sizioneka tsiku loyamba. Galimoto imayenda mokondwa miyezi ingapo, mwini wake nadzitama pa anzake, kufikira tsiku limene makanika adzamuuza mtengo wa pampu yatsopano.

Amene amacita zimenezi mwaluso amaika mathanki awiri. Amaliza injini ndi dizilo, madzi otentha a injini natenthetsa saladi kufika pa madigiri ngati 70, ndipo pamenepo mpamene amatsegula njira ya saladi. Asanazimitse amabwereranso ku dizilo kuti atsuke mapaipi. Injini zakale zimapirira zimenezi; zamakono, zochedwa common rail, zimaonongeka msanga. Ena amaphika saladi ndi methanol ndi soda wopangira sopo kuti asanduke biodiesel, koma methanol ndi poizoni wocititsa khungu, ndipo si nchito yocitira kuseri kwa nyumba kumene kuli ana.

Tsono bwanji ku Ulaya anthu anapindula nazo? Kumeneko gawo lalikulu la mtengo wa dizilo ndi msonkho, ndipo nyumba zokazingira nsomba ndi chipisi zinali kutaya migolo ya mafuta ogwiritsidwa kale nchito. Mu 2007 boma la Britain linalola munthu kudzipangira mafuta otere mpaka malita 2,500 pa caka osalipira msonkho. Munthu anali kutenga zotayidwa, nasefa, nayenda ulendo wake. Nzeruyo inamera pa nthaka ya anthu okhuta.

Kuno kwathu masamu ake ngosiyana. Lowani m'sitolo, muwerenge mtengo wa lita imodzi ya saladi, kenaka mukaime pa filing'i siteshoni: mudzapeza kuti saladi ndiye wokwera, pamenenso mphamvu yake pa lita imacepako poyerekeza ndi ya dizilo. Ndipo taganizani za kuculuka kwake. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Galimoto yomwa malita 10 pa makilomita 100 idzafuna malita oposa 110 kupita ndi kubwera. Banja limene limagwiritsa nchito malita awiri pa mwezi likanaphikira mafuta amenewo zaka zoposa zinai. Ife amene timayendera Miphakati tikudziwa nyumba zimene saladi amagulidwa m'kapulasitiki ka tsiku limodzi, ndi zina kumene ndiwo zimangowiritsidwa ndi mcere. Parishi imene ingatenge mpendadzuwa wa copereka ca masika nkuuthira m'thanki idzakhala ndi mlandu woyankha kwa amai amasiye a m'parishi momwemo.

Alimi ambiri sanaiwalenso za jatropha. Ca m'ma 2005 mpaka 2010 analimbikitsidwa kubzala mitengoyi ndi lonjezo lakuti njere zake zidzagulidwa kuti zipangidwe dizilo. Makampani ambiri anagwa kapena kucoka, ndipo mitengo inatsala m'minda yopanda msika, njere zake zosadyeka ndi munthu kapena mbuzi.

Komabe pali mbali imodzi imene tifuna kuti mabungwe athu aiganizire, ndiyo ya mafuta akuda a m'misika. Amai okazinga vitumbuwa ndi anyamata a chipisi sataya mafuta. Amangothirapo ena pamwamba mpaka ciwaya cisanduke cakuda bii. Sitiwadzudzula, pakuti phindu lao ndi locepa. Koma mafuta otenthedwa kawirikawiri motero sali abwino m'thupi la munthu, ndipo amene amadya kwambiri zokazingazo ndi ana athu a sukulu. Amenewa ndiwo mafuta oyenera injini. Parishi ya m'tauni ikhoza kuwagula pa mtengo wocepa, kuti mai uja apeze poyambira kugula atsopano. Ayenera kukhazikika masiku angapo, kusefedwa bwino ndi nsalu yothina, ndi kutenthedwa kuti madzi onse acoke. Malita ake adzakhala owerengeka, osakwanira ulendo wa Abambo. Malo ao ndi injini yakale ya cigayo kapena yopopera madzi, imene imaima pamodzi, imayenda pang'onopang'ono ndipo imakhala yotentha tsiku lonse. Ngakhale pamenepo makanika woidziwa injiniyo ayambe wafunsidwa, ndipo oilo azisinthidwa kawirikawiri kuposa kale.