Makina a m'zipatala zathu: ndalama za kafukufuku zikupita kwa okonzeka

Amene anayendapo m'zipatala za kumidzi amacidziwa cipinda cina cimene alendo saonetsedwa. Muli makina a okosijeni, zofungatira ana obadwa masiku asanakwane ndi makina oyezera magazi, zonse zili phee pansi pa fumbi. Zambiri zinabwera monga mphatso. Bungwe la WHO linayerekezapo kuti m'maiko a kumwera kwa cipululu ca Sahara, zipangizo zoperekedwa motere zofika 70 peresenti sizigwira nchito. Zina zimasowa kacitsulo kamodzi, zina zinapsa malaiti atabwera mwamphamvu, zina palibe amene anaphunzitsidwa kuzikonza.

Nkhaniyi ikutikhudza cifukwa mipingo, kudzera m'bungwe la CHAZ limene linakhazikitsidwa mu 1970, ndiyo isamalira gawo lalikulu la odwala a kumidzi. Makina akafa ku Nyanje, ku Mbereshi kapena ku St Francis ku Katete, amene avutika ndi anthu athu. Ndiye cifukwa cake tiyenera kumvetsa bwino za biomedical engineering, nchito yopanga, kuyesa ndi kusamalira zipangizo za m'cipatala, komanso kumene ndalama za kafukufuku wake zikucokera.

Tikayang'ana anansi athu, tiona kuti aliyense anakula poyambira pa vuto lake ndi luso limene anali nalo kale. South Africa ndiyo ili patsogolo. Allan Cormack, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1979 pa maziko a makina a CT scan, anayamba kuganizira za nchitoyo ku cipatala ca Groote Schuur ku Cape Town. Makina a Lodox, amene ajambula thupi lonse m'masekondi 13, anayambira ku migodi ya diamondi ya De Beers, kumene anali kufufuzira anchito kuti asabe miyala. Mu 2020, Covid-19 itavuta, boma linapatsa akatswiri a za matelesikopu a bungwe la SARAO udindo wotsogolera kupanga makina othandiza kupuma, ndipo anapangidwa okwana 20,000.

Citsanzo ca Malawi cili pafupi kwambiri ndi ife. Madokotala a ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre anagwirizana ndi Rice University ya ku America kupanga Pumani, makina othandiza makanda kupuma. Oyambirira anagwiritsa nchito mapampu a m'matanki osungiramo nsomba. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 anaonetsa kuti mwa makanda ovutika kwambiri kupuma, 71 peresenti anapulumuka ndi makinawa, poyerekeza ndi 44 peresenti mwa olandira okosijeni cabe. Umboni umenewo ndiwo unatsegula zitseko. Mu 2019 mgwirizano wa NEST360 unalengeza madola 68 miliyoni kucokera ku mabungwe monga MacArthur Foundation ndi Gates Foundation, kuti ugwire nchito ku Malawi, Kenya, Tanzania ndi Nigeria. Zambia sinali pa mndandandawo.

Nanga ife mphamvu yathu ili pati? Ku Copperbelt kuli amisiri a malaiti, mapampu ndi zitsulo amene migodi yawaphunzitsa kwa zaka zambiri. Koleji ya NORTEC ku Ndola iphunzitsa okonza zipangizo za m'cipatala, maphunziro amene anayamba ndi thandizo la bungwe la THET la ku Britain. Ku UNZA kuli sukulu ya uinjiniya ndi nthambi ya TDAU yopanga zida zoyenera kuno kwathu. Ku Macha, cipatala ca mpingo wa Brethren in Christ cakhala malo a kafukufuku wa malungo mogwirizana ndi Johns Hopkins University, umboni wakuti cipatala ca mishoni ca kumudzi cingathe kusunga nchito ya sayansi yodalirika. Tilinso ndi funso limene ofufuza ambiri akufuna kuyankha. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kupita kwa maola ofika 21 patsiku. Makina a okosijeni amene apirira fumbi, kutentha ndi malaiti osadalirika, kapena oyendera dzuwa, angayesedwe bwino kuno koposa ku Ulaya.

Koma nthawi yasintha. Bungwe la USAID linatsekedwa mu 2025, ndipo mu May caka comweco America inalengeza kuti idzacotsa madola 50 miliyoni pacaka pa thandizo la mankhwala ku Zambia, ponena kuti mankhwala anali kubedwa. Phunziro lake n'lowawa: wopereka ndalama lero ayamba wafunsa za kasungidwe ka zimene anapereka dzulo.

Zitseko zilipobe. Ku Nairobi kuli Science for Africa Foundation, imene iyendetsa Grand Challenges Africa ndi kupereka ndalama mwacindunji kwa ofufuza a mu Africa. Wellcome ya ku London ikali kuthandiza kafukufuku wa zaumoyo. Kuno kwathu, National Science and Technology Council ili ndi thumba la Strategic Research Fund, ndipo National Technology Business Centre ithandiza kufikitsa zopangidwa pa msika. Ngakhale CDF, imene inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse mu 2022, ili ndi gawo lolipirira acinyamata maphunziro a luso. Mabungwe akuluakulu kawirikawiri safuna munthu mmodzi wa nzeru zake. Afuna gulu: cipatala, yunivesite ndi amisiri pamodzi, okhala ndi ziwerengero zooneka, cilolezo ca National Health Research Authority, ndi njira yofikira ku ZAMRA cipangizo cikatha kupangidwa.

Boma lili ndi mbali yake. Maiko a African Union analonjezana kuika 1 peresenti ya cuma ca dziko pa kafukufuku, ndipo tili ndi ufulu wofunsa aphungu athu kuti tafika pati. Komabe pali zimene sitifunika kuyembekezera wina. Cipatala ciliconse ca mpingo cingathe kulemba buku la makina ake onse: linabwera liti, linafa liti, cinaonongeka n'ciani. Mabuku otere, akaphatikizidwa, ndiwo maziko a pempho la ndalama limene ofufuza a ku Lusaka kapena ku Kitwe angalembe nafe. Tingathenso kukana mwaulemu mphatso imene ibwera yopanda zitsulo zosinthira, buku la malangizo ndi maphunziro a woikonza. Ndipo komiti ya CDF ikakhala pansi kusankha ana oti alipiridwe sukulu, pakhale wina wa ife wokumbutsa kuti cipatala ca m'deralo cilibe mmisiri wa makina.