Musagwetse msangu, ndi nkhokwe ya ziweto zanu

Mwezi wa Okutobala ukafika, inu oweta ng'ombe ndi mbuzi mumadziwa zomwe zimachitika. Tchire latenthedwa ndi osaka mbewa, mapesi atha, ndipo ng'ombe zomwe mukudalira kuti zikoke ngolo zayamba kuonetsa nthiti. Ambiri timati vuto ndi kuchepa kwa udzu. Komatu udzu wouma, ngakhale uchuluke, uli ndi zomanga thupi zochepa, ndipo popanda zimenezi tizilombo ta m'chifu timene timagaya udzuwo sitigwira bwino ntchito. Ng'ombe imakhuta koma n'kumaondabe.

Apa ndi pomwe msangu umaposa mitengo ina. Umayoyola masamba m'dzinja n'kuphukira m'chilimwe, ndipo nyemba zake zopindikapindika zija, zomwe zili ndi zomanga thupi, zimagwa nthawi yomwe ziweto zili pa njala. Kaoneni ku Bwanje, Salima kapena Karonga komwe mbuzi zimasonkhana masana. Nyemba za chitimbe nazo ng'ombe zimazikonda, pomwe masamba a jelejele wa kudimba amathandiza ng'ombe ya mkaka.

N'chifukwa chake tikunena kuti kugwetsa msangu pofuna nkhuni kapena makala n'kudzibera nokha. Ndalama yake itha sabata yomweyo, koma mtengowo ukadadyetsa khola lanu chaka ndi chaka, kwinaku ukuthira chonde m'munda wa chimanga. Sitikunyoza lukina ndi gliricidia, mitengo yobwera yomwe alangizi amalimbikitsa, koma msangu uli kale m'munda mwanu ndipo sufuna kuthirira.

Musangosiyira ziweto zotayirira za m'mudzi monse. Tolani nyemba zouma, musunge m'matumba pamalo posafika chinyezi. Musanapatse ziweto, zisinjeni mumtondo, chifukwa njere zake ndi zolimba ndipo zambiri zimangotuluka ndi ndowe zosagayika. Sakanizani ndi madeya kapena mapesi oduladula, ndipo yambani pang'onopang'ono kuti m'mimba muzolowere. Mukafuna masamba, sadzani nthambi zochepa, osati kumeta mtengo wonse, ndipo muwaumitse pamthunzi.

Chenjerani, si chobiriwira chilichonse chomwe n'chakudya. Mwavi umapha ziweto, ndipo ombwe ndi mankhwala ophera tizilombo, asalowe modyera.

Polima chaka chino, mukapeza timitengo ta msangu tomera tokha, makamaka pomwe munathira manyowa a m'khola, musatizule. Tizikireni zikhomo ndi kutitchingira ndi minga kuti mbuzi zomwezo zisatidye tisanakule.