Akusankha ndani nyimbo za Soja?

Chimwalirire Lucius Banda pa 30 June 2024 ku Johannesburg, ntchito yosonkhanitsa nyimbo zake zapamwamba yagwera anyamata a makompyuta. Pa Malomo mukapereka memori, amakudzazirani zimene iwo akonda, osalembapo chaka kapena dzina la chimbale.

Ndiye mwana wanu adziwa bwanji kuti Son of a Poor Man ndicho chidali chimbale choyamba, kapena kuti mu 2010, nthawi ya Bingu wa Mutharika, wailesi ya MBC idaleka kuulutsa nyimbo za Sojayu? Ndalama nazo zimathera pabenchi pomwepo.

Banja la malemuyu likafuna kutulutsa chimbale chenicheni, lisasiye nyimbo zodzudzula boma zija, ndipo pachikuto palembedwe chaka cha nyimbo iliyonse.